Apple: wopanga foni ndi wina, wodya phindu ndi wina

  

Ntchito yanga ndi ya unamwino, ndiye ena mukudabwa kuti nesi akudzatani pa nkhani ya kampani ya mafoni ndi makompyuta. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, ndimakhala ku Cork, ndipo likulu la Apple la kuno ku Ulaya lili pa Hollyhill, kumpoto kwa mzinda womwewo, kumene kumagwira ntchito anthu pafupifupi 6,000. Chachiwiri, mwezi ndi mwezi ndimaona msonkho umene boma la Ireland limadula pa malipiro anga, ndiye nkhani ya msonkho umene kampaniyi inkapereka imandikhudza. Funso langa lero ndi limodzi basi: mukagula foni ija, ndalama yanu imakathera m'thumba mwa yani? Kuti tiliyankhe bwino tiyambire kumene kampaniyi inachokera.

Apple inayamba pa 1 Epulo 1976 ku California, m'dziko la America. Eni ake anali atatu, ngakhale ambirife timangodziwa mmodzi. Panali Steve Wozniak, amene ndiye anali katswiri wake. Kompyuta yoyamba ija anaipanga yekha ndi manja ake, masana akugwira ntchito ku Hewlett-Packard. Panali Steve Jobs, mnyamata wa zaka 21, amene mphatso yake inali pakamwa, kugulitsa ndi kukakamiza anthu kuchita zimene iwo ankati n'zosatheka. Ndiye panali wachitatu, Ronald Wayne, wachikulire pa onsewo, amene anampatsa gawo la 10 peresenti kuti awiriwo akakangana iye aziweruza. Pasanathe milungu iwiri bamboyu anabweza gawo lake nalandira $800. Dziko lonse limamuseka mpaka lero chifukwa gawo limenelo pano likanakhala mabiliyoni osawerengeka. Ine sindimuseka ayi. Pa atatuwo iye yekha ndiye anali ndi kakatundu koti angongole n'kulanda bizinesi ikanagwa, anzakewo analibe kanthu koti ataye. Paja amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Oda yawo yoyamba inachokera ku sitolo ina yotchedwa Byte Shop, makompyuta 50 pa mtengo wa $500 iliyonse, ndipo ankawalumikiza kunyumba kwa makolo a Jobs ku Los Altos. Koma chimene chinawadzutsa ndi Apple II ya 1977, makamaka itatuluka pulogalamu ya VisiCalc mu 1979 yowerengetsera ndalama. Apo ndiye anthu a m'maofesi anaona kuti kachinthuka si kidole ayi, n'chida chogwirira ntchito. Mu Disembala 1980 kampani inalowa pa msika wa masheya. Chaka chomwecho inatsegula fakitale ku Cork. Chaka chimenechi muchisunge, tidzabwererako.

Mu 1984 anatulutsa Macintosh pa mtengo wa $2,495, kompyuta yoti munthu umangoloza ndi mausi pa zithunzi m'malo molemba malamulo aatali. Nzeru imeneyi sinali yawo kwenikweni, Jobs anakaiona ku malo ofufuzira a kampani ya Xerox mu 1979, koma eni akewo sanathe kuisandutsa malonda. Macintosh itayamba kuyenda pang'onopang'ono pa msika, Jobs anakangana ndi John Sculley, mkulu amene iye mwini anakamutenga ku Pepsi. Bodi inaima ndi Sculley, ndipo mu 1985 Jobs anachoka pa kampani imene anaiyambitsa yekha. Zandale zimenezi, eti? Si kwathu kokha kumene woyambitsa chipani amathamangitsidwa m'chipani chake.

Zaka zotsatira sindichedwapo. Microsoft inkagulitsa Windows kwa aliyense wofuna kupanga kompyuta, makompyuta otsika mtengo anadzaza dziko, ndipo Apple inangotsala ndi kagulu kochepa ka okonda zake. M'chaka chake cha zachuma cha 1997 inaluza ndalama zoposa $1 biliyoni. Ambiri ankati yatha basi. Kumapeto kwa 1996 inali itagwirizana zogula NeXT, kampani imene Jobs anakayambitsa atachoka, pa mtengo woposa $400 miliyoni, ndipo umo ndi mmene Jobs anabwererera. Mu Ogasiti 1997 mdani wamkulu uja, Microsoft, anaikamo $150 miliyoni. Jobs anadula mitundu yambirimbiri ya katundu nasiya inayi yokha. Kenako iMac mu 1998, iPod mu 2001, sitolo ya nyimbo ya iTunes mu 2003, iPhone mu 2007, iPad mu 2010. Mu 2007 momwemo anachotsa liwu loti Computer pa dzina la kampani, posonyeza kuti ndalama tsopano ili kwina.

Ndilole ndipatuke pang'ono monga nesi. Jobs anamupeza ndi chotupa cha khansa pa kapamba mu 2003, ndipo chinali cha mtundu woyenda pang'onopang'ono, woti madokotala amatha kuuchotsa. Iye anakana opaleshoni kwa miyezi pafupifupi 9, akuyesa zakudya zapadera ndi njira zina. Anadzavomera mu 2004, anamuika chiwindi china mu 2009, namwalira pa 5 Okutobala 2011 ali ndi zaka 56. Kumudzi timakonda kudzudzula agogo kuti anachedwa kwa asing'anga m'malo mobwera kuchipatala msanga. Uyu anali ndi ndalama zogulira chipatala chonse, koma naye anaopa mpeni. Mukamva kachotupa penapake, chonde musadikire.

Tibwerere ku funso lathu. Mbiri imene ndafotokozayi ndi imene imakambidwa kawirikawiri, ya munthu wanzeru ndi zipangizo zokongola. Koma munthu amene anasintha kayendedwe ka ndalama ya Apple ndi Tim Cook, amene Jobs anamulemba ntchito mu 1998 kuchokera ku Compaq, ndipo anadzakhala mkulu wa kampani mu Ogasiti 2011. Cook atafika anapeza Apple ili ndi mafakitale akeake, ili ndi nyumba zosungira katundu zodzaza ndi makompyuta osagulidwa. Kompyuta ili ngati tomato, ikakhalitsa pa shelefu mtengo umagwa. Iye anatseka zambiri mwa nyumbazo, ntchito yolumikiza zipangizo naipereka kwa makampani ena, makamaka a ku Asia. Ku Cork komweku anthu mazana anachotsedwa ntchito nthawi imeneyo. Kuyambira apo Apple inasunga m'manja mwake zinthu zopepuka kunyamula koma zolemera mtengo: mapulani a chipangizo, mapulogalamu a mkati mwake, ndi dzina. Thukuta inalisiyira ena.

Mukayang'ana pa bokosi la foniyo mupeza timawu tating'ono tonena kuti mapulani ake anajambulidwa ku California, koma kulumikiza kunachitikira ku China, kapena masiku ano ku India. Wolumikiza wamkulu ndi Foxconn, kampani ya ku Taiwan imene anaiyambitsa Terry Gou. Fakitale yake ya ku Zhengzhou imafika pokhala ndi antchito 200,000 nyengo yotulutsa foni yatsopano, mzinda wathunthu mkati mwa mpanda. Ambiri ndi anyamata ndi atsikana ochokera kumidzi, ogona m'mahositelo, oimirira tsiku lonse kubwereza kantchito kamodzi komweko. Mu 2010 antchito a Foxconn oposa 10 anadzipha, ambiri podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba, makamaka ku Shenzhen. Kampaniyo inakweza malipiro, komanso inamanga maukonde kuzungulira nyumbazo kuti wodumpha akodwe. Ife ogwira mashifiti a usiku tikudziwa mmene mutu umakhalira pa usiku wachinayi wotsatizana. Kumanga ukonde pansi m'malo mofunsa chimene chikumukwezetsa mwana pamwambapo, ine zimenezo zimandinyansa.

Mu 2011 ofufuza atatu a m'mayunivesite a ku America, Kraemer, Linden ndi Dedrick, anawerengetsera mmene mtengo wa iPhone umagawikira. Anapeza kuti 58.5 peresenti inkatsala kwa Apple ngati phindu lisanachotsedwe zolipira zake zina, pamene malipiro a antchito a ku China olumikiza foniyo anali 1.8 peresenti. Ndiye kuti pa $100 iliyonse, manja amene anagwira foniyo sankalandira ndi $2 yomwe. Amene munakulira ku Kasungu kapena ku Mchinji simufunika kukufotokozerani. Wosamala nazale, wothyola, wosoka ndi wopachika m'chigafa ndi wina. Amene dzina lake lili pa paketi ya ndudu ndi wina.

Pansi pa wolumikiza pali wokumba. Batire ya foni imafuna cobalt, ndipo cobalt woposa theka wa dziko lonse amachokera ku Congo, chigawo cha Kolwezi, kufupi ndi malire a Zambia. Mu Januwale 2016 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza ana akutola ndi kutsuka miyala imeneyi m'migodi yokumba ndi manja, ndipo Apple inali pa mndandanda wa makampani amene bungwelo linati sakufufuza mokwanira kumene cobalt wawo akuchokera. Mu Disembala 2024 boma la Congo linakasumira nthambi za Apple ku France ndi ku Belgium pa nkhani ya miyala ina yochokera kum'mawa kwa dzikolo kumene kuli nkhondo. Apple inakana mlanduwo, niti inali itauza kale oiperekera katundu kuti asiye kugula miyalayo ku Congo ndi ku Rwanda.

Foni ikafika m'manja mwanu malonda sanathe. Apa ndiye pali nzeru yachiwiri. Kuyambira Julayi 2008, pamene anatsegula App Store, munthu wopanga pulogalamu akafuna kuigulitsa kwa eni ma iPhone amadutsa pa geti la Apple, ndipo Apple inadziikira 30 peresenti ya malondawo. Aang'onoang'ono anadzawatsitsira pa 15 peresenti mu 2021. Google nayo mu 2022 inalipira Apple $20 biliyoni kuti inu mukafufuza kanthu pa foniyo izikutengerani kwa Google poyamba; chiwerengerochi chinatulukira m'khoti ku America. M'chaka cha zachuma cha 2024 Apple inagulitsa katundu ndi ntchito za $391 biliyoni, nipeza phindu la pafupifupi $94 biliyoni. Pa ndalamazo $201 biliyoni inali ya ma iPhone, $96 biliyoni inali ya zinthu zosagwirika ndi manja zimenezi, ndipo zosagwirikazi ndi zimene zimasiya phindu lokwera, kuwirikiza kawiri la zipangizo. Mu Ogasiti 2018 inakhala kampani yoyamba ya ku America kufika mtengo wa $1 thiriliyoni.

Ambiri mwa ife foni imene tamaliza kulipira kontirakiti timaitumiza kumudzi. Muzidziwa chimene mukutumiza. Mu Disembala 2017 Apple inavomera kuti inkachepetsa liwiro la mafoni akale amene batire yake yafooka, yati n'cholinga choti asamazime okha, koma eni mafoniwo sinawauze. France inailipiritsa chindapusa cha €25 miliyoni mu 2020. Ndiye musanapatsire munthu wopita kumudzi, sinthitsani batire, ndipo chotsanimo akaunti yanu ya iCloud, apo ayi mlongo wanu alandira kagalasi kokongola kosatseguka. Komanso tisamadabwe kuti kwathu msika uli m'manja mwa Tecno ndi itel, za kampani ya ku China ya Transsion. Iwo anakafunsa zimene munthu wa ku Africa amafuna: malo a masimu awiri, batire yopirira magetsi akazima, ndi mtengo woti mphunzitsi n'kuufikira.

Tsopano tafika pa msonkho, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife okhala kuno.

Mu Meyi 2013 komiti ya nyumba ya Senate ku America, motsogozedwa ndi Carl Levin, inaitanitsa akuluakulu a Apple. Zimene zinatuluka zinadabwitsa ngakhale akadaulo. Apple inali ndi makampani ake olembetsedwa kuno ku Ireland koma oyendetsedwa kuchokera ku California. Lamulo la Ireland la nthawi imeneyo linkati kampani yotere ndi ya kumene ikuyendetsedwera. Lamulo la America linkati kampani ndi ya kumene inalembetsedwa. Ndiye Ireland inkati uyu ndi mwana wa ku America, America inkati uyu ndi mwana wa ku Ireland, mwanayo n'kukhala wopanda kwawo, wosapereka msonkho kulikonse. Imodzi mwa makampaniwo, Apple Operations International, inalandira $30 biliyoni pakati pa 2009 ndi 2012 osadzaza fomu ya msonkho wa makampani m'dziko lililonse.

Kenako bungwe la European Commission linalowererapo, ndipo pa 30 Ogasiti 2016 mayi Margrethe Vestager analengeza zimene anapeza. Mvetserani bwino apa. Munthu akagula iPhone ku Paris, ku Dubai, ku Mumbai kapena ku Johannesburg, pa pepala sankagula kwa sitolo ya kumeneko ayi, malondawo ankalembedwa kuti achitikira ku kampani ya Apple Sales International ya kuno ku Ireland. Phindu la ku Ulaya, ku Middle East, ku India ndi ku Africa linkasonkhana muno. Likafika muno, makalata awiri amene ofesi ya msonkho ya Ireland inapereka, ya 1991 ndi ya 2007, ankalola kuti pafupifupi phindu lonselo lilembedwe ku chimene ankachitcha hedi ofesi. Hedi ofesiyo inalibe wantchito, inalibe nyumba, sinali m'dziko lililonse. Inali pa pepala pokha. Mu 2011 kampaniyo inapeza phindu la €16 biliyoni, koma limene linaonekera ku msonkho wa Ireland linali €50 miliyoni, ndipo msonkho umene unaperekedwa sunafike €10 miliyoni. Pofika 2014 msonkhowo unali 0.005 peresenti. Ndiye kuti pa €1 miliyoni iliyonse ya phindu, boma linkalandira €50.

Anzanga anamwino ndi osamalira okalamba, inu mukudziwa kuti kuno malipiro amadulidwa 20 peresenti, ndipo mukadutsa malire ena chotsalacho chimadulidwa 40 peresenti, kuwonjezera USC ndi PRSI. Shifiti yowonjezera ija mumavomera kuti mutumize fizi kumudzi, pafupifupi theka lake limapita musanalione. Ife sitingathe kunena kuti manja athu ali m'wodi ku Cork koma hedi ofesi yathu ili m'malere.

Vestager analamula kuti Ireland itolere €13 biliyoni kwa Apple, kuwonjezera chiwongoladzanja. Ndalama imeneyi inali yoposa chuma chonse chimene dziko la Malawi linkapanga pa chaka nthawi imeneyo. Ndiye mukuganiza kuti boma la Ireland linavina? Linakana. Nduna ya zachuma ya nthawiyo, Michael Noonan, inati boma lichita apilo, nyumba ya malamulo inavomereza, ndipo boma linalipira maloya kuti likamenyane ndi chigamulo choti lilandire ndalama. Zonsezi zikuchitika m'dziko limene bungwe la anamwino la INMO limawerenga m'mawa uliwonse odwala amene agona pa matirole m'makonde posowa bedi, dziko limene pa 30 Januwale 2019 anamwino ndi azamba oposa 30,000 ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro ndi kuchepa kwa antchito. Mu Julayi 2020 khoti loyamba la EU linaweruza mokomera Apple ndi Ireland. Koma pa 10 Sepitembala 2024 khoti lalikulu linagubuduza chigamulocho, niligamula komaliza kuti ndalamayo iperekedwe.

Munthu ukangomva mwachidule umati amenewa ndi amisala. Koma mukakhala ndi achikulire a ku Cork akufotokozerani mbali inayo, ndipo iyenera kumveka. Mu 1980, pamene Apple inkafika, Ireland linali limodzi mwa mayiko osauka a kumadzulo kwa Ulaya. Fakitale ya matayala ya Dunlop ku Cork inatsekedwa mu 1983, ya magalimoto ya Ford mu 1984. Ana awo ankapita ku England, ku America, ku Australia. Zipatala za ku London ndi ku Liverpool zinadzaza ndi anamwino a ku Ireland, monga mmene za kuno zadzazira ndi ife, Amwenye ndi a ku Philippines. Dziko lopanda migodi yambiri, lopanda msika waukulu, linagulitsa chimene linali nacho: msonkho wotsika, Chingelezi, ndi khomo lolowera mu msika wa Ulaya. Kwa iwo kulandira €13 biliyoni kamodzi kunali kuuza makampani onse a ku America kuti mawu a boma la Ireland sadalirika. Apple nayo inali ndi yankho lake: inati nzeru yopanga foni ili ku California, ndiye msonkho wa phindulo ndi wa America, ndipo malamulo a kumeneko atasintha inalengeza mu Januwale 2018 kuti ipereka $38 biliyoni pa ndalama zimene inkasunga kunja.

Chimene chimandivuta ine pa nkhaniyi n'chakuti njirayo inagwira ntchito, ndipo ife tikudya nawo. Mpata wa kampani yopanda kwawo uja unatsekedwa mu 2015, ndipo kuyambira 2024 makampani akuluakulu amayenera kupereka 15 peresenti. Koma phindu la malonda ochitikira m'mayiko ena likulembedwabe muno, ndipo msonkho wa makampani wakula mpaka kukhala mzati wa bajeti ya Ireland. Bungwe lolangiza boma pa za bajeti, Irish Fiscal Advisory Council, lakhala likuchenjeza kuti makampani atatu okha amapereka gawo limodzi mwa magawo atatu a msonkho umenewo kapena kuposa. Thumba limene limalipira nesi m'chipatala cha boma ndi lomwelo. Ndiye ndikamadandaula za Apple ndimakumbukira kuti ntchito imene inandibweretsa kuno, kundichotsa m'wodi ya kwathu kumene nesi mmodzi amayang'anira odwala ochuluka kuposa mphamvu zake, imalipiridwa mbali ina ndi phindu limene likanatha kudulidwa msonkho kumene foni inagulidwa. Walira mvula walira matope, ndipo matope ena agwera pa yunifolomu yathu.

Musaganize kuti masewerawa ndi a makampani a mafoni okha kapena kuti ali kutali ndi kwathu. Mu 2013 bungwe la ActionAid linatulutsa lipoti lonena kuti Zambia Sugar, ya gulu la Illovo limene tonse tikulidziwa, inkatumiza ndalama zambiri ku kampani inzake yolembetsedwa ku Dublin ngati malipiro a ukadaulo, ndipo linawerengetsera kuti Zambia inataya $27 miliyoni kudzera m'njira zoterezi ndi m'kuchotseredwa msonkho. Eni kampaniyo anatsutsa lipotilo. Mu 2015 bungwe lomwelo linati Malawi inataya $43 miliyoni m'zaka 6 pa mgodi wa Kayelekera ku Karonga, mbali ina chifukwa boma linachotsera kampani ya Paladin msonkho, mbali ina chifukwa ndalama zinkadutsira ku kampani ya ku Netherlands. Paladin nayo inatsutsa. Njira yake ndi yomweyo: ntchito ichitikire uku, phindu likalembedwe uko.

Nthawi zambiri pa zokambirana zathu pamadzuka wina n'kunena kuti Malawi ingotengera Ireland, itsitse msonkho makampani abwere. Ine ndimati tione kaye chimene Ireland inalandira posinthana ndi msonkhowo, ndi chimene inali itakonzeratu. Sekondale yaulere inayamba mu 1967, makoleji a zaumisiri anatsegulidwa m'zigawo m'zaka za m'ma 1970, ndiye Apple itafika inapeza ana oti n'kuwalemba ntchito. Fakitale itachepa mphamvu, ntchito za m'maofesi zinalowa m'malo mwake chifukwa anthu ophunzira analipo. Kampani yakhala pa Hollyhill zaka zoposa 40. Kayelekera anatsegulidwa mu 2009, pofika 2014 Paladin inaimitsa kukumba mtengo wa uranium utagwa, ndipo mgodiwo unadikira mpaka 2025 kuti kampani ina iuyambitsenso. Kuchotsera kampani msonkho aliyense angathe, ndi siginecha imodzi ya nduna. Kukhala ndi anthu ku ofesi ya msonkho oti n'kutsatira ndalama kuchokera ku Karonga kukafika ku Amsterdam, imeneyo ndi ntchito ina. Onani kuti Apple sanaigwire ndi a ofesi ya msonkho ya Ireland; anaigwira ndi komiti ya aphungu ku Washington imene ili ndi mphamvu yoitanitsa mabuku, ndi bungwe la ku Brussels limene linalimbana ndi mlanduwo zaka 10.

Pa tsiku lija la 2016 a Commission ananenanso mawu amene ambiri sanawamve: kuti mayiko ena, akaona kuti malonda amenewo anayenera kulembedwa kwawo, akhoza kuitanitsa msonkho wawo, ndipo gawo la Ireland lichepe. Khomo linali lotsegula kwa amene ali ndi maloya ndi owerengera ndalama oti n'kulowapo.

Ndalamayo Apple inaiika mu akaunti yapadera mu 2018, €14.3 biliyoni pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo inakhala mmenemo mpaka mlandu unatha. Powerenga bajeti mu Okutobala 2024 boma linati idzagwira ntchito pa madzi, magetsi, mayendedwe ndi nyumba. Pa nyumbapo ndiye ine ndatchera khutu, chifukwa ndikudziwa kuti muno muli ena amene mukugawana chipinda chimodzi anthu awiri, wina akagona usiku wina masana malinga ndi shifiti, lendi itakukanikani.

A wapampando akuloza wotchi. Ndaima pomwepa, amene muli ndi mafunso funsani.